Mwana wanga sachoka ku Centro Cultural Português ku Beira, kodi kumeneko amakapangako chani?

Funso ili latumizidwa ndi bambo wina wa ku Angónia ku Mozambique amene amachita geni ya mbatata ndi nyemba pa boda ya Calomue ndi Dedza. Akuti mwana wawo wamkazi ali chaka chachiwiri ku yunivesite ku Beira, ndiye masiku ano akamuimbira foni madzulo amangoti ababa ndili ku Centro Cultural Português, mawa lake chimodzimodzi, Loweruka chimodzimodzi. Bambowa akufuna kudziwa ngati malo amenewa ndi tchalitchi, chipani kapena ofesi yotumiza anthu ku Portugal. Koma chimene chikuwadya moyo kwenikweni ndi chakuti agogo ake a mwanayu anagwirapo chibalo nthawi ya Apwitikizi, ndiye akuti kodi sichitsamunda chomwe chija chikubwerera chitavala suti, ndipo mwana wangayu sadzabwera kuno akulephera kupereka moni kwa agogo ake m'Chinyanja?

Zikomo bambo, mwafunsa bwino, safunsa anadya phula. Ine ndaphunzitsa Chipwitikizi zaka zambiri ndipo ndagwirapo ntchito yomasulira pakati pa Chinyanja ndi Chipwitikizi, malo ngati amenewa ndakhala ndikulowamo kuyambira ndili mnyamata, ndiye ndikuyankhani momwe ndikuwadziwira, zabwino zake ndi zondinyansa zake zomwe.

Choyamba mtima pansi, si tchalitchi, si chipani, komanso viza sapereka kumeneko, viza ndi nkhani ya ku konsulado. Mukalowa chimene mungaone koyamba ndi laibulale, mashelefu a mabuku ndi matebulo, ana asukulu atazyolika aliyense ndi kope lake, ena akulimbirana soketi yotchajira laputopu. Pamakhala chipinda china chopachikamo zithunzi za ojambula, lero za wa ku Mozambique konkuno mwezi wamawa za wa ku Angola kapena Cabo Verde, ndipo madzulo ena amaika mipando nkuonetsa kanema, kapena wolemba mabuku amabwera kudzakhazikitsa buku lake latsopano anthu nkumamufunsa mafunso, kapena oimba awiri atatu ndi gitala. Zambiri mwa izi kulowa kwake ndi kwaulere. Mwana wa ku yunivesite amene kuhostelo kwake kuli phokoso, magetsi akuthimathima, buku limodzi kalasi yonse ikulimbirana, akapeza malo a phee okhala ndi mabuku sangachokeko, ine ndinganene kuti mwa zifukwa khumi zimene mwana wanu akupitira kumeneko, zisanu ndi ziwiri ndi tebulo, bata ndi mabuku basi.

Eni ake ndi boma la Portugal. Ali ndi bungwe lotchedwa Camões, linayamba mu 1992 ngati Instituto Camões, kenako mu 2012 analiphatikiza ndi bungwe lawo loona za thandizo ku maiko ena, ndiye pano limagwira ziwiri, kufalitsa chiyankhulo ndi kuyendetsa mapulojekiti a chitukuko. Ku Mozambique likulu la malo awo achikhalidwe lili ku Maputo mumsewu wa Julius Nyerere, ya ku Beira ndi nthambi yake. Alinso ndi malo otere ku Luanda, ku Praia, ku Bissau, ku São Tomé, ku Díli. Dzina la Camões ndi la mlakatuli wawo wamkulu Luís de Camões amene anamwalira mu 1580, ndipo chosangalatsa nchakuti bambo ameneyu pobwerera kwawo kuchokera ku India anatsakamira pa chilumba cha Ilha de Moçambique pafupifupi zaka ziwiri ndalama ya ulendo itamuthera, anzake ndi amene anamusonkhera. Ndiye mlakatuli wamkulu wa Apwitikizi anakhalapo wosowa thiransipoti kwathu kuno, ine zimenezi zimandisangalatsa mwapadera.

A Brazil nawo ali ndi yawo ku Maputo, anthu ambiri amaidziwabe ndi dzina lakale loti Centro Cultural Brasil-Moçambique ngakhale m'zaka zapitazi boma lawo linasintha maina a malo onsewa kukhala Instituto Guimarães Rosa. A France ali ndi yawo pafupi ndi bwalo la Independência, a China anamanga chinyumba chachikulu pa yunivesite ya Eduardo Mondlane. Ndatchula izi kuti muone kuti boma lililonse lokhala ndi kangachepe limachita zimenezi, ndipo palibe limene limachita chifukwa cha chifundo chokha ayi. Mwana amene wawerenga mabuku anu, waonera makanema anu, waphunzira kwanu, mawa akakhala dayirekitala kapena nduna foni yoyamba adzaimbira inu. Ndi ulimi umenewo, amadzala lero kudzakolola patapita zaka makumi awiri. Sindikunena kuti nchoipa, ndikungoti tizidziwa kuti mwini munda alipo.

Nanga ubale umene amati akulimbikitsawo ndi wa ndani ndi ndani? Pali bungwe la maiko oyankhula Chipwitikizi, pachidule CPLP, linakhazikitsidwa ku Lisbon pa 17 July 1996 ndi maiko asanu ndi awiri, Angola, Brazil, Cabo Verde, Guinea-Bissau, Mozambique, Portugal ndi São Tomé e Príncipe. Timor-Leste inalowa mu 2002 itangolandira ufulu, Equatorial Guinea inalowa mu 2014, ndipo iyi ndiye inautsa mapiri pachigwa chifukwa kumeneko anthu amayankhula Chisipanishi, Chipwitikizi anangochilemba m'malamulo kuti awalandire, ambiri anaona kuti chimene chakopa anzathuwa ndi fungo la mafuta osati chiyankhulo. Oyankhula Chipwitikizi padziko lonse ndi oposa 250 miliyoni, koma mwa amenewa oposa 200 miliyoni ndi a ku Brazil, Portugal mwini wake ali ndi anthu ongopitirira pang'ono 10 miliyoni. Ndiye mwana anakula kuposa bambo ake kalekale, ndipo Angola ndi Mozambique aliyense payekha ali ndi anthu ochuluka katatu kuposa Portugal. Bungwe la CPLP loona za chiyankhulo chenichenicho silili ku Lisbon, lili ku Praia ku Cabo Verde. Tsiku la 5 May ndi tsiku la Chipwitikizi padziko lonse, UNESCO inavomereza mu 2019, ndiye mukadzamva mwana wanu akuti sabata ino kuli zochitika zambiri chakumayambiriro kwa May, ndi zimenezo.

Koma ubale wa mapepala osainirana apulezidenti ndi wina, ubale wa anthu ndi wina. Ndikuuzeni chimene ndinaona tsiku lina ku Maputo. Titamaliza kumvera wolemba wina tinaima panja pakhonde tikumwa tiyi wa m'makapu apepala, panali mayi wa ku Brazil amene anali atangofika sabata yomweyo, mnyamata wa ku Luanda, nkhalamba ina ya ku Porto ku Portugal ndi ife eni dziko. Mayi uja anafunsa kuti m'mawa akakwera kuti ônibus, mnyamata wina wa kwathu nkumuyankha kuti machimbombo ndi ochepa bola chapa, nkhalamba ija nkulowererapo kuti ayi mawu olondola ndi autocarro, wa ku Luanda nkuseka kuti kwawo kaminibasi ndi candongueiro. Anthu anayi, chiyankhulo akuti chimodzi, basi imodzi maina asanu. Titafika pa chakudya cha m'mawa zinafika poipa, ife ndi wa ku Angola tikuti matabicho, wa ku Porto akuti pequeno-almoço, mayi uja akuti café da manhã, ndipo atamva tanthauzo la matabicho, kupha kachilombo ka m'mimba, anaseka mpaka tiyi kumutayikira pa bulauzi. Nkhalamba ija poyamba inkafuna kukhala mphunzitsi wa tonse koma itaona kuti ili yokha inangoti chabwino, nkuyamba kufunsa kuti nanga maningue ndiye kuti chani. Tinaiuza kuti ndi zambiri, kwambiri, ndipo pochoka inatitsanzika kuti maningue obrigado, kunena kuti zikomo kwambiri. Kwa ine ntchito yeniyeni ya nyumba zimenezi ndi imene inachitika pakhonde paja, osati zokamba za akazembe m'kati muja. Mwana wa ku Angónia akaima pagulu lotere amazindikira kuti Chipwitikizi chake cha xima, capulana ndi machamba, kunena nsima, chitenje ndi munda, si cholakwika, ndi chake, monga wa ku Brazil ali ndi chake.

Tsopano ku nkhawa yanu yaikulu ija. Sindikuuzani kuti mukuganiza mopepera ayi, chifukwa chilonda chimenecho nchenicheni. Chibalo chinalipo, kulima thonje mokakamizidwa kunalipo, palmatória ija yomenyera m'manja inalipo, ndipo anthu ankhaninkhani anathawira ku Nyasaland pothawa zimenezi, Alomwe ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje mbiri yawo imadutsa pamenepo. Lamulo la atsamunda linkagawa anthu pawiri, indígena ndi assimilado, ndipo kuti ukhale assimilado umayenera kuonetsa kuti umayankhula ndi kulemba Chipwitikizi komanso wasiya miyambo ya makolo ako, lamulo limeneli linathetsedwa mu 1961 mokha. Ziyankhulo zathu ankazitcha dialecto, ngati kuti si ziyankhulo zenizeni. Ndipo khalidwe limeneli silinachoke ndi sitima ya Apwitikizi, ineyo ndili ku pulayimale ufulu titalandira kale, mphunzitsi wakuda ngati ine ndemwe anandigwaditsa pa miyala dzuwa lili pamutu chifukwa ndinauza mnzanga kuti tabwereke pensulo m'Chinyanja. Mawondo anachita matuza, amayi anga anandipaka mafuta usiku osanena kanthu. Ndiye mukamati mukuopa, ndikukumvetsani kuposa momwe mukuganizira.

Koma pali nkhani ina imene ndikufuna muimve, chifukwa inandisintha maganizo pa nyumba zimenezi. Mu 1944 boma la Salazar, amene ankalamulira Portugal nthawi imeneyo, linatsegula nyumba ku Lisbon yotchedwa Casa dos Estudantes do Império, kunena kuti nyumba ya ophunzira a mu ufumu wawo. Cholinga chinali chakuti ana ochepa aja ochokera ku Angola, Mozambique, Cabo Verde, Guinea, São Tomé ndi Goa amene ankapita kukaphunzira ku Portugal azisonkhana malo amodzi, boma liziwaona bwino, azidya limodzi, azivina limodzi, nkumadzimva kuti onse ndi ana a Portugal wamkulu. Munali kantini, laibulale, kachipatala, ndi kamagazini kawo. Tinganene kuti inali sentala ya chikhalidwe yolimbikitsa ubale wa oyankhula Chipwitikizi, yomangidwa ndi mtsamunda mwini wake.

Nanga chinachitika nchiyani? Ana aja atakhala pansi nkuyamba kufunsana kuti kwanu zikuyenda bwanji, anapeza kuti chikwapu chimene chikumenya bambo wa uyu ku Angola ndi chomwecho chikumenya amalume a uyu ku Zambézia. Kale aliyense ankaona ngati mavuto ndi a kwawo kokha. M'nyumba imeneyi munadutsa Amílcar Cabral amene anadzatsogolera nkhondo ya ufulu ku Guinea-Bissau ndi Cabo Verde, Agostinho Neto amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa Angola, Mário Pinto de Andrade, Marcelino dos Santos wa FRELIMO, Alda Espírito Santo wa ku São Tomé. Ankasindikiza ndakatulo zimene kwawo sakanaloledwa, buku loyamba la José Craveirinha linatuluka kumeneko mu 1964. Mu 1961 ophunzira pafupifupi 60 anazemba mu Portugal mobisa kudzera ku Spain mpaka ku France kuti akalowe m'magulu omenyera ufulu, m'gululi munali Joaquim Chissano, Pascoal Mocumbi ndi Pedro Pires amene anadzakhala pulezidenti wa Cabo Verde. Pofika 1965 apolisi achinsinsi a PIDE anaitseka nyumba ija, koma madzi anali atatayika kale. Anamanga khola kuti asungiremo nkhuku, mazira ataswa munatuluka nkhwazi.

Chimene ndimatolapo ine ndi chakuti mwini nyumba amakhala ndi cholinga chake, koma sangalamule zimene alendo akambirane akakumana pakhonde. Ndipo atsogoleri omwewo atalandira ufulu mu 1975 sanachitaye Chipwitikizi, FRELIMO inachisankha kukhala chiyankhulo cha boma poona kuti Mmakua, Msena, Mshangana ndi Mnyanja afunika pokumanira, ndipo kusankha chimodzi mwa zathu kukanayambitsa mkangano. Kaya anachita bwino kaya analakwitsa tingatsutsane mpaka kucha, koma manambala ake ndi odabwitsa. Mu kalembera wa 1980 anthu amene Chipwitikizi chinali chiyankhulo chawo choyamba anali munthu mmodzi yekha pa 100 aliwonse, ndipo ochiyankhula onse anali pafupifupi kota ya dziko. Mu kalembera wa 2017 oyamwira Chipwitikizi anafika pafupifupi 17 pa 100, ochiyankhula pafupifupi theka la dziko. Ndiye kuti amene anafalitsa Chipwitikizi mu Mozambique si Mpwitikizi, iye m'zaka zake zonse zija anaphunzitsa anthu owerengeka, anafalitsa ndi masukulu athu omwe, wailesi yathu, mizinda yathu. Mwana wanu Chipwitikizi sanachitenge ku Centro Cultural, anapita nacho kale kuchokera ku Ulongue, kwawo ku Angónia.

Olemba athu nawo achipinda chiyankhulochi mpaka chagona momwe akufunira. Mphoto yaikulu ya olemba m'Chipwitikizi, Prémio Camões, imene Portugal ndi Brazil amasonkherana ndipo ndi ma euro 100,000, yabwera ku Mozambique katatu, Craveirinha mu 1991, Mia Couto mu 2013, amene ndi mwana wa ku Beira komweko kumene kuli mwana wanu, ndi Paulina Chiziane mu 2021, mayi woyamba wa mu Africa kuilandira. Mayi Chiziane anakula akuyankhula Chichopi ndi Chironga, Chipwitikizi anakachipeza kusukulu ya mishoni, ndipo polandira mphotoyo ku Lisbon sanapite kukagwada, anawauza pamaso kuti chiyankhulochi chikufunika kuchichapa chifukwa m'madikishonale mukadali mawu onyoza munthu wakuda. Wa ku Angola Luandino Vieira atapatsidwa mu 2006 anaikana. Anthu otere ndi amene mabuku awo ali pa mashelefu amene mwana wanu akuwerengapo, ndipo kunena zoona buku la wolemba wa ku Angola kapena Cabo Verde kulipeza mushopu ku Beira nkovuta ndipo mtengo wake ungagule thumba la chimanga, laibulale ngati imeneyo ndi pamene mwana wa mlimi angalikhudze.

Apa ndiye pali dandaulo langa loyamba ndi nyumba zimenezi. Ubale wake umakonda kudzera ku Lisbon. Wolemba wa ku Maputo kuti awerengedwe ku Luanda nthawi zambiri amayenera ayambe wasindikizidwa ku Portugal kapena ku Brazil, pamene Angola ndi mnzathu wa mu SADC. Zili ngati ana a mitala amene sangayenderane pokhapokha adzere kunyumba ya bambo. Oimba ndiye anatulukira njira yawo osadikira kazembe, kizomba ndi semba za ku Angola zinalowa m'mabala a ku Tete popanda sentala iliyonse, morna ya ku Cabo Verde inazungulira dziko ndi mawu a Cesária Évora, ndipo masewero a pa TV a ku Brazil aphunzitsa amayi athu katchulidwe ka ku Rio kuposa mphunzitsi aliyense, mpaka msika wina waukulu ku Luanda unatenga dzina la sewero la ku Brazil. Ngakhale kalembedwe kamodzi anakanika kugwirizana, pangano la 1990 lofuna kuti onse azilemba mofanana Portugal ndi Brazil akulitsatira, Angola ndi Mozambique mpaka lero akulemba mwakale, ndipo ine sindikuona kuti tataya kanthu.

Dandaulo lachiwiri ndi la mtunda. Zinthu zonse zabwinozi zili ku Maputo ndi ku Beira. Mwana wa ku Tsangano, ku Macanga, ku Metangula kapena ku Milange amene sanapeze mwayi ngati wa mwana wanu sadzaona chionetsero cha zithunzi ngakhale chimodzi. Ndipo mukalowa m'malo amenewa amene amadzaza mipando yakutsogolo nthawi zambiri ndi omwe aja, ana a mabwana, azungu a m'mabungwe, aphunzitsi a ku yunivesite. Khomo ndi lotsegula inde koma pali anthu amene amaopa kulowa poona nsapato zawo. Ndiye ngati mwana wanu wa ku Angónia walimba mtima nkulowa nkukhala pampando, ine ndikuti muombereni m'manja.

Lachitatu ndi limene likukhudza funso lanu mwachindunji. Mawu oti dziko loyankhula Chipwitikizi amabisa zambiri. Theka la anthu a mu Mozambique sachiyankhula. Chimakua chokha ndi chiyankhulo choyamba cha munthu mmodzi mwa anayi aliwonse, Chinyanja chathu ndi cha anthu pafupifupi 8 pa 100. Ku Cabo Verde ndi ku Guinea-Bissau pamsika anthu amayankhula Kriolu, ku Timor amayankhula Tetum. Malamulo a dziko la Mozambique amati Chipwitikizi ndi cha boma koma amatinso boma lizilemekeza ndi kutukula ziyankhulo za makolo, ndipo mwina simukudziwa kuti pamene ankayesa koyamba kuphunzitsa ana m'ziyankhulo ziwiri, kuyambira 1993 mpaka 1997, anasankha ziwiri zokha, Chishangana ku Gaza ndi Chinyanja ku Tete. Ndiye chiyankhulo chathu chinali patsogolo pa nkhani imeneyi. Koma musayembekezere kuti sentala ya boma la Portugal ndi imene itisungire Chinyanja, si ntchito yawo, ndalama zawo anaikira chiyankhulo chawo. Ubale wathu ife a Chinyanja uli kale ndi malo ake, chaka chilichonse mu August Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amakumana ku Mkaika ku Katete pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo Gule Wamkulu UNESCO inamuzindikira mu 2005 m'dzina la maiko atatu onsewa limodzi. Mwana wanu ali ndi mabanja awiri, lina lofika ku Brazil ndi ku Timor, lina lofika ku Kasungu ndi ku Chipata.

Komanso tisamachite ngati Chipwitikizi ndi Chinyanja sizinaonanepo. Mukavala nsapato mwavala sapato, chipewa ndi chapéu, kalata ndi carta, kama wogonapo ndi cama, kapitawo wa ku esiteti ndi capitão, bulu ndi burro, mbatata imene mukugulitsa pa Calomue ndi batata, ndipo kachasu amene timati ndi wa makolo uja dzina lake ndi cachaça, mowa wa nzimbe wa ku Brazil. Mawu amenewa anakwera ndi mtsinje wa Zambezi kudzera ku Sena ndi ku Tete zaka mazana apitawo, agogo athu anawameza nkuwasandutsa athu, palibe anasiya kukhala Mnyanja chifukwa chovala nsapato. Njira yomweyo inatsitsanso anthu athu, akapolo ambiri ochokera kumtunda kuno anakwezedwa zombo ku Quelimane ndi ku Ilha de Moçambique kupita ku Brazil, ndiye mwana wanu akadzakumana ndi wakuda wa ku Bahia kapena ku Rio asadzamuone ngati mlendo kwenikweni.

Za phindu logwirika, poti ndinu munthu wa geni mufuna kudziwa kuti zikubweretsa chani. Zidziwitso za masikolashipu a ku Portugal ndi ku Brazil zimafika msanga m'malo otere, ndipo mumapezeka anthu amene anadutsamo kale oti angamuonetse kalembedwe ka mafomu. Brazil ili ndi pulogalamu yakale yotchedwa PEC-G yolandira ophunzira a maiko ngati athu m'mayunivesite awo osalipira fizi, koma chakudya ndi pogona zimakhala za kholo, apa muwerengere bwino musanavomere. Alinso ndi yunivesite ya UNILAB ku Redenção m'chigawo cha Ceará, anaikhazikitsa mu 2010 makamaka kuti ana a ku Brazil aziphunzira limodzi ndi a maiko a mu Africa oyankhula Chipwitikizi ndi a ku Timor. Kwa abale athu a ku Malawi ndi ku Zambia amene akuwerenga yankho ili ndipo akufuna pepala losonyeza kuti amachidziwa Chipwitikizi, mayeso odziwika ndi awiri, a CAPLE a yunivesite ya Lisbon ndi Celpe-Bras a ku Brazil, ndipo pepala limeneli lili ndi ntchito chifukwa njanji ya malasha yochokera ku Moatize imadutsa m'Malawi kupita ku Nacala, mathiraki a mafuta ndi feteleza amachokera ku Beira, ndiye kalaliki kapena dalaivala wodziwa Chichewa, Chingerezi ndi Chipwitikizi sasowa pogwira.

Chenjezo langa lili pa viza. Mu July 2021 maiko a CPLP anasainirana pangano ku Luanda lofewetsa maulendo pakati pawo, ndipo kuyambira pamenepo mphekesera zakhala mbwee kuti aliyense wa ku Mozambique angopita ku Portugal basi. Sizili choncho, dziko lililonse limasankha lokha momwe litsegulire chitseko, ndipo Portugal yakhala ikusintha malamulo ake nkumawalimbitsa. Madobadoba apezerapo mwayi, ndikudziwa banja lina limene linagulitsa ng'ombe ziwiri kupatsa munthu amene ankati ali ndi mnzake m'kati, munthuyo foni anazimitsa mpaka lero. Wina akadzakuuzani kuti perekani ndalama ndikakonzere mwana wanu malo kudzera ku sentala ya chikhalidwe, dziwani kuti ndi wakuba, kumeneko sagulitsa malo, ndipo sikolashipu yeniyeni imalengezedwa poyera ndi masiku ake otsekera.

Tsono zoti aiwala Chinyanja. Pa ana onse amene ndaphunzitsa sindinaonepo woiwala chiyankhulo cha kwawo chifukwa chowerenga mabuku. Amene ndawaona akuchitaya ndi amene anachititsidwa nacho manyazi, kaya ndi mphunzitsi ngati wanga uja, kaya ndi makolo awo omwe amene mwana akabwera ku holide amayamba kumuyankhula Chipwitikizi chothyokathyoka pofuna kuonetsa anansi kuti m'nyumba muno muli wophunzira. Mwana wa zaka makumi awiri amene anakulira ku Angónia lilime lake linakhwima kale, chimene chingasinthe ndi mtima wake pa chiyankhulocho, ndipo pamenepo inu muli ndi mphamvu kuposa kazembe aliyense. Mukamuimbira muziyankhula naye Chinyanja chenicheni cha kumudzi, ndi miyambi yomwe, akayankha m'Chipwitikizi inu pitirizani m'Chinyanja osamukalipira. Muzimupatsira foni agogo ake. Ndipo m'malo momufunsa kuti ukukatani kumeneko, mufunseni kuti wawerenga chani sabata ino, akufotokozereni nkhani yake m'Chinyanja, mudzaona momwe adzavutikire masiku oyamba kusaka mawu kenako nkuyamba kukoma, umenewo ndi umisiri womasulira umene ine wandidyetsa zaka zonsezi.

Akadzabwera pa holide ya December mumutume akhale pansi ndi agogo akewo ndi foni yojambulira mawu, afotokoze za chibalo chija, anawatenga chaka chanji, anawatengera kuti, kapitawo wake anali wotani, ankaimba nyimbo zanji pogwira ntchito. Akazilembe m'Chinyanja momwe agogo anenera, kenako m'Chipwitikizi pambali pake, ndipo akabwerera ku Beira akafunse kwa woyang'anira laibulale uja ngati pali tsiku limene ophunzira amawerenga zolemba zawo pagulu. Agogowo ngati ali ndi mphamvu musachedwe nazo, chitani December yomwe ino.